Waya Wachinayi

Brattli, 2 Okutobala 2023

Vidar mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Jeremani. Kuno udzu wayamba kuyera ndi chisanu m'mawa, ndipo nkhosa za aneba athu a Haugen zatsika kale kuphiri. Ine ndili bwino, kupatula makutu omwe ukuwadziwawa. Mlongo wako Randi akuti ndigule foni yolemberapo mauthenga. Ndamuuza kuti zaka makumi anayi za macheka a matabwa zinanditengera makutu, dzanja sizinanditengere. Ndizilemba makalata.

Galimoto yathu ya dizilo aikana koyeza magalimoto. Akuti dzimbiri ladya kunsi konse. Ndagula ya magetsi, yaing'ono, yoyendapo kale. Wogulitsa anaitama kuti siichita phokoso. Kwa ine galimoto zonse sizichita phokoso.

Amayi ako ali chimodzimodzi. Kunyumba yosamalira okalamba ndimapita tsiku lililonse, makilomita 62 kupita, 62 kubwera, kudutsa paphiri. Ndimafika 12 koloko isanakwane. Anamwino akawalozetsa supuni amatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhoma. Ndikawapatsa ine amadya. Choncho chakudya cha masana ndicho chokha chimene chimalowa chokwanira. Dzina langa amalipeza masiku ena, masiku ena ayi, koma dzanja langa amalidziwa.

Pakadali pano galimoto ndikuitchaja pa soketi ya m'khola. Kolbein, mnzako wa kusukulu uja, amene tsopano ndiye wa zamagetsi yekhayo m'chigwa muno, anabwera kudzaona. Akuti soketi imeneyo si yodalirika. Akufuna andiikire tchaja ya pakhoma, ya makilowati anayi ndi theka, yodzaza batire ine ndili m'tulo. Ndamuuza kuti ndiyambe ndafunsa iwe, popeza injiniya tili naye m'banja. Ukuti bwanji?

Undilembere za nyengo ya kumeneko, ndiponso ngati ukudya.

Ndine bambo wako,
Arnfinn

Kassel, 10 Okutobala 2023

Okondedwa Bambo,

Landirani moni. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndasangalala kuti muli bwino ndiponso kuti Amayi akudya. Kodi akulemera bwanji tsopano? Anamwino amalemba, mukawapemphe akuuzeni. Nanga matayala a nyengo yozizira mwaika kale? Ndi aja a timisomali?

Za soketi ya m'khola zandisowetsa mtendere. Mawaya a m'menemo anaikidwa Agogo ali moyo. Galimoto imakoka moto maola ambiri osapuma, soketi yakale imatentha, ndipo m'khola muja mwadzaza matabwa ouma. Muziikhudza ndi kuseri kwa dzanja m'mawa uliwonse. Ikafunda, zulani.

Za Kolbein, chonde musavomere kanthu msanga. Makilowati anayi ndi theka ndi ochepa. Bwanji tsiku lina atakuitanani mwadzidzidzi kuti Amayi adwala, inu mutangofika kumene, batire lili pansi? Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yoyeza zikepe za m'nyumba zosanja, ndipo mabokosi a magetsi ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Ndili kutali, zambiri sinditha kukuchitirani. Ndiloleni chinthu chimodzi ichi ndichichite bwinobwino.

Chonde chitani izi. Choyamba, pitani pa bokosi la mafyuzi lili kuseri kwa chitseko cholowera. Chachiwiri, musakhudze chilichonse. Chachitatu, werengani mafyuzi akuluakulu a pamwamba, aja odutsira moto wonse wa nyumba. Kodi ndi awiri kapena atatu? Nkhani yonse yagona pamenepo. Muwerenge kuwala kulipo.

Kuno kukugwa mvula. Ndikudya.

Mwana wanu,
Vidar

Brattli, 19 Okutobala 2023

Vidar,

Moni. Ndi atatu. Ndawerenga nditavala magalasi, ndawerenganso nditavula, akadali atatu.

Matayala ndi a timisomali. Soketi ndikuikhudza monga wanenera, imafunda pang'ono ngati mphaka. Amayi ako dzulo anadya nsomba ndi mbatata, n'kundiuza kuti tsitsi langa lakula. Ndameta.

Lachisanu kusitolo, patebulo lija timamwera khofi ife okalamba, Kolbein anafunsa ngati ndaganiza. Ndinamuuza kuti tikudikira mawu ochokera ku Jeremani. Anati, “Injiniya afulumire, Arnfinn, chipale chofewa sichilemba kalata chisanabwere.” Onse anaseka, inenso ndinaseka nditaona kuti akuseka. A Haugen ndiwo anandibwerezera pambuyo pake.

Bambo wako

Kassel, 27 Okutobala 2023

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi Amayi muli bwino. Ndili ndi nkhani yabwino.

Mafyuzi atatu akutanthauza kuti nyumba yathu imalandira moto pa mawaya atatu, ngati nyumba za kuno. Mphamvu ilipo yambiri, ikungogona. Mukhoza kukhala ndi tchaja ya makilowati khumi ndi imodzi, yodzaza galimoto yanu maola anayi asanakwane.

Ndathera Loweruka ndi Lamlungu, milungu iwiri, ndikuyerekeza matchaja khumi ndi anayi. Ndinayang'ana kuzizira kumene iliyonse ingapirire, kutalika kwa chingwe, ngati chingwecho chimauma gwa pa chisanu, ngati imadzizimitsa moto ukathawa, ndiponso ngati chogwirira chake chingagwirike ndi munthu wovala magolovesi. Asanu ndi anayi ndinawataya tsiku loyamba. Pa otsalawo ndasankha yopangidwa kuno, yopanda mabatani, yosafuna foni. Mukangolowetsa chingwe, kanyale kobiriwira kayaka, basi.

Ndaitumiza lero, ifika pakatha milungu iwiri. Kabuku kake n'ka Chijeremani, koma masamba ofunika ndawamasulira pamanja ndipo ndawaika pamwamba m'katoni. Ntchito ya Kolbein ndi kungoipachika ndi kulumikiza monga chithunzi chikuonetsera. Aipachike pa msinkhu wa pachifuwa panu kuti musamawerame.

Akayamba kutsutsa musadabwe. Kolbein ndi munthu wabwino, koma paja masamu a kusukulu anakopera kwa ine zaka zitatu zathunthu. Amisiri a kumudzi amakonda kuika chimene anazolowera. Inu muime nji.

Mtima wanga ukhala pansi mukangondilembera kuti soketi ya m'khola mwaisiya.

Mwana wanu,
Vidar

Brattli, 15 Novembala 2023

Vidar,

Moni. Bokosi linafika. Ndi lokongola. Lili pakhoma la khola, pa msinkhu wa pachifuwa. Chithunzi ndi chimenecho, anandijambulira a Haugen.

Chipale chagwa. Galimoto ikuyenda. Amayi ako akupereka moni.

Usadandaule ndi kanthu.

Bambo wako

Kassel, 24 Novembala 2023

Okondedwa Bambo,

Zikomo chifukwa cha chithunzi. Ndachiika pa desiki yanga ku ntchito. Anzanga akuti khoma lofiiralo ndi chipalecho zikuoneka ngati khadi la Khirisimasi.

Ndili ndi mafunso ochepa. Kodi kanyale kamayaka kobiriwira nthawi zonse, kapena kamaphethira? Kodi galimoto ikudzaza pa maola angati mukabwera kwa Amayi? Pachithunzi sindikuona paipi ya mawaya yolowa m'bokosi. Ndiganiza kuti Kolbein anaboola khoma n'kudutsitsa kuseri. Ngati ndi choncho, ndi ntchito yaukhondo, mumuuze kuti ndayamikira.

Mwalemba kuti Amayi akupereka moni. Kodi anatchuladi dzina langa, kapena mwangolemba? Sindikudandaula, ndikungofuna kudziwa.

Pa Khirisimasi sinditha kubwera. Payenera kukhala munthu woyembekezera ngati chikepe chafa m'chipatala kapena kwina, ndipo anzanga onse ali ndi ana. Ndavomera ine. Randi wandiuza kuti abwera pa 23. Ndakutumizirani masokosi a ubweya, awiri anu, awiri a Amayi. A Amayi ali ndi timphira kunsi kuti asaterereke.

Mwana wanu,
Vidar

Kassel, 13 Disembala 2023

Okondedwa Bambo,

Moni. Papita milungu pafupifupi itatu osalandira yankho. Ndikudziwa kuti makalata amachedwa nyengo ino, ndipo mwina yanu tasemphana nayo m'njira. Ndaona pa zanyengo kuti kwanuko kwazizira mpaka madigiri 19 pansi pa ziro. Kodi msewu wa paphiri akuukankha chipale m'mawa? Kodi masokosi anafika?

Ngati dzanja latopa, lembani mawu awiri okha. Za kanyale kaja mungoti “kobiriwira”.

Mwana wanu,
Vidar

Brattli, 27 Disembala 2023

Vidar,

Moni wa Khirisimasi, ngati wakufika. Ndikulemba pa imelo chifukwa ndikaimba foni ndikalipa, ndipo Bambo ngakhale samva, nkhope amaiona.

Ndinafika pa 23. M'nyumba munali mozizira, madzi a pampopi ozizira, ndipo chingwe cha galimoto chinali chitatulukira pawindo la kukhitchini, mpata wake atatsekapo ndi thaulo. Ndinafunsa. Bambo anati akungoyesa. Ndinapititsa galimoto yanga kukhola kuti ndiitchaje pa bokosi lako lotchuka lija. Zii. Ndinasuzumira kuseri ndi tochi ya foni. Kulibe waya ndi mmodzi yemwe, Vidar. Lagwira pa misomali inayi basi. Analipachika okha Bambo, molunjika bwino, pa msinkhu umene unalamula.

Nkhani yonse ndaitola kwa a Haugen, ina Bambo avomera okha. Bokosi linafika Lachinayi. Lachisanu Bambo analinyamula kupita nalo kusitolo, patebulo la khofi, kuti anzawo aone zimene mwana wawo watumiza. Kolbein analitsegula, anawerenga kachitsulo ka m'mbali, n'kunena kuti, “Arnfinn, ili likufuna mawaya anayi ndi mavoliti 400. Chigwa chathu chili ndi mawaya atatu ndi mavoliti 230. Wachinayi wobwezera moto uja kuno kulibe, ngakhale pa mitengo ya magetsi kunjaku. Ndikalilumikiza lingokhala du.”

Ukudziwa mmene Bambo amayankhulira mokweza chifukwa cha makutu aja. Anatulutsa kalata yako m'thumba n'kuwerenga. Sanawerenge za matchaja khumi ndi anayi ayi. Anawerenga za masamu. Anamva a Haugen, anamva abusa opuma aja, anamva mayi wa pakauntala ndi anthu awiri ogula mkaka. Kolbein anatseka katoni bwinobwino, anamaliza khofi wake, anavala chipewa, n'kunena kuti, “Ndiye mwini masamu abwere adzalumikize.”

Bambo atafika kunyumba anavala magalasi n'kuyang'ana pa mita. Palembedwa 230. Anadziwa tsiku lomwelo. Kwa Kolbein sakanapita, kwa iwe sakanalemba. Ndiye anatenga misomali.

Soketi ya m'khola inada n'kuyamba kununkha kumapeto kwa Novembala. Mwamwayi anazula, paja unawaphunzitsa kukhudza. Ya kukhitchini imapereka moto wodontha, ndipo fyuzi imagwa akapanda kuzimitsa chotenthetsera madzi. Ndi kuzizira kuno galimoto imafuna masiku awiri kuti ikwanitse ulendo umodzi. Akhala akupita Lolemba ndi Lachinayi, nthawi zina Loweruka, osayatsa chotenthetsera m'galimoto, atavala majekete awiri. Tchaja ya m'tauni imafuna foni ya masiku ano. Anaimapo kamodzi theka la ola akudina apa ndi apo, kenako anachoka chifukwa kumbuyo kunali mayi wina akudikira.

Anamwino ankawafunsa, iwo n'kumati ndi msewu. Amayi atsika ndi makilogalamu asanu. Mphete anaivula anamwino kuti ingatayike.

Pa 24 ndinapita nawo. Kunali phala la mpunga la Khirisimasi lija, lothira batala ndi sinamoni. Bambo anakweza supuni. Amayi anawayang'ana ngati munthu wodzawerenga mita, anatseka pakamwa, n'kutembenukira kukhoma. Bambo anagwirabe supuni m'mwamba mpaka phala linazizira.

Dzulo ndinavala nsapato kuti ndipite kwa Kolbein. Bambo anaima pakhomo. Akuti, “Ukapita, chigwa chonse chidziwa kuti Vidar analakwa.” Munthu akusamba madzi a m'ketulo, mkazi wake akuonda, koma akulondera dzina lako.

Ndikuwayendetsa ndi galimoto yanga tsiku lililonse, ndimaitchaja m'tauni. Pa 2 Januwale ndibwerera, sukulu ikutsegulidwa ndipo ana a kalasi langa sadziphunzitsa okha. Uli ndi masiku asanu ndi limodzi, Injiniya. Masokosi anafika.

Randi

Kassel, 28 Disembala 2023

Randi,

Ndalandira. Ndinaiwerenga ndili m'chipinda cha makina pamwamba pa nyumba ina, ndipo ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali.

Kolbein akunena zoona. Choipa n'chakuti si chinthu chimene sindinkachidziwa. Tinaphunzira chaka choyamba ku yunivesite ku Trondheim: magetsi akale a kwathu ndi a mawaya atatu, mavoliti 230, opanda wachinayi, ndipo maiko ena onse ozungulira sachita choncho. Ndinakhoza mayeso ake. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikutsegula mabokosi a kuno, mpaka ndinayamba kuona ngati dziko lonse ndi Kassel. Ndinafunsa Bambo za matayala, za masokosi, za magolovesi. Nambala yolembedwa pa mita, kunsi kwa mafyuzi omwe ndinawatuma kukawerengawo, sindinafunse.

Pali china chimene uyenera kudziwa. Chithunzi chija ndinachiona bwino. Ntchito yanga ndi kuona waya wosowa. Ndinaona kuti palibe chikulowa m'bokosi. M'malo mokuimbira iwe kapena a Haugen, ndinadzipangira nkhani yoti Kolbein waboola khoma, n'kuilembera Bambo kuti angovomera. Ndinawapatsa bodza loti abisalemo. Kenako ndinachiika pa desiki.

Za Khirisimasi, palibe anandikakamiza. Ndinadzipereka ndekha mu Seputembala. Chiyambire tsiku lija Amayi anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndakhala ndikupeza zifukwa. Kusankha tchaja milungu iwiri kunali kosavuta kusiyana ndi kukhala pampando wa m'chipinda chawo ola limodzi.

Kolbein ndamuimbira kawiri, sakuyankha, ndipo sindikumuimba mlandu. Ndamulembera, kalata yake ndaiika pansipa kuti uone. Ndatumiza pa foni yake, koma chonde uisindikize ukamupatse pamanja lero. Ukawauze Bambo kuti ndine ndakutuma, achoke pakhomo. Dzina limene akulonderalo mwini wake walitula.

Ndapempha tchuthi. Andipatsa kuyambira pa 20 Januwale. Ndayesa kuti chikhale msanga, zakanika.

Vidar

Kassel, 28 Disembala 2023

Kolbein,

Ndi Vidar wa ku Brattli. Ndikhulupirira iwe ndi banja lako mwadya bwino Khirisimasi.

Unanena zoona za bokosi lija, ine ndinalakwa. Nyumba ya Bambo ilibe waya wachinayi, ndipo ndinayenera kudziwa. Zimene ndinalemba za iwe zinali zachipongwe. Bambo anangowerenga, wolemba ndine. Ndinazilemba kuti akhulupirire ine, asakhulupirire iwe amene unaima m'nyumbamo n'kuona ndi maso. Ndikhululukire.

Mwina sukudziwa kuti bokosilo silinalumikizidwe. Bambo akhala akuuza anthu kuti likugwira ntchito. Akutchaja pawindo la kukhitchini, ndipo kwa Amayi akupita kawiri kapena katatu pa mlungu. Amayi amadya m'dzanja lawo lokha. Atsika ndi makilogalamu asanu. Randi achoka pa 2.

Ndikukupempha uwaikire tchaja imene unanena poyamba, monga mmene iweyo ukuonera. Sindikutumizira chithunzi kapena malangizo. Ngati sungafune kulowanso pabwalo lathu ndimvetsa, koma undiuze munthu wina amene angafike chaka chisanathe.

Popeza chipongwecho chinamveka patebulo la kusitolo, ndi bwino kalata inonso ikawerengedwe pomwepo Lachisanu.

Vidar

Kusitolo, 29 Disembala 2023

Vidar,

Randi wandipatsa pepala lako. Foni sindinayankhe chifukwa ndinali pamakwerero kwa a Haugen, si chifukwa cha iwe. Mwina pang'ono chifukwa cha iwe.

Za amayi ako, a Magnhild, sindinkadziwa. Galimoto ya Arnfinn ndinkaiona pabwalo masana, ndinkati mwina bokosi la ku Jeremani likudzaza msanga moti akubwerako msanga. Ndinayenera kuima n'kufunsa. Cholakwa chimenecho ndi changa.

Tchaja ndili nayo m'galimoto kuyambira Okutobala. Ndipita mawa 8 koloko. Ndi ya makilowati anayi ndi theka ija. Idzaza pa maola asanu ndi anayi. Bambo ako amagona khumi.

Kalata yako sindiwerenga patebulo. Akuluakulu aja apatsidwa kale zokwanira zomwera khofi chaka chino.

Za masamu n'zoona, ndinkakopera. Koma ukukumbukira mayeso a chaka chomaliza, funso lachisanu ndi chiwiri? Unalakwa, ine n'kukopera cholakwacho, aphunzitsi n'kutiitana tonse awiri. Iwe unalira. Kuyambira tsiku limenelo ndimayeza ndekha.

Ukabwera udzatenge bokosi lako. Si loipa. Langobwera ku dziko lolakwika.

Kolbein

Brattli, 11 Januwale 2024

Vidar mwana wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Makalata ako awiri ndinalandira pa nthawi yake. Sanachedwe, ndinachedwa ndine. Ndinkakhala patebulo ndi cholembera, mawu oti “kobiriwira” osatuluka.

Tsopano ndikhoza kulemba. Kobiriwira. Kolbein anabwera pa 30, anagwira ntchito mpaka masana, anasinthanso soketi ya m'khola. Ndinamuphikira khofi. Sitinakambe zambiri, koma anandilozera chilichonse ndi chala n'kuyankhula moyang'ana nkhope yanga kuti ndimve. Madzi otentha abwerera. Ndasamba.

Randi anandiwerengetsa kalata imene unalembera Kolbein. Ukuti wolemba ndiwe. Inde, koma kalata inali ya ine ndekha, ndipo amene anaitulutsa m'thumba ndine. Ndinkafuna a Haugen aone kuti mwana wanga akudziwa kuposa onse. Lachisanu lapitali ndinaimirira patebulo n'kunena kuti bokosi linali lopanda mawaya, ndinanama milungu isanu ndi iwiri, ndipo Kolbein ndinamunyoza pachabe. Akuti ndinakweza mawu mpaka a kumashelefu a mkaka anatembenuka. Zili bwino, ndi omwewo anamva poyamba. A Haugen anati ankadziwa kuyambira tsiku limene anajambula. Ndinawafunsa kuti nanga osanena bwanji. Anati sindikanamva.

Moni uja wa amayi ako ndinangolemba. Unafunsa, ndiye ndayankha.

Kuyambira pa 31 sindinajombe tsiku. Chotenthetsera m'galimoto ndikuyatsa, jekete ndi limodzi. Masiku oyamba sanatsegule pakamwa. Ndinkakhala pomwepo, supuni m'manja, ndikuwauza za nkhosa ndi za msewu. Tsiku lachisanu analandira masupuni atatu, osandiyang'ana. Anamwino akuti ndisayembekezere kuti zonse zibwerera. Zina zimene zapita m'milungu imeneyi zapita ndithu. Ndikudziwa, ndipo ndiyenda nazo ndekha paphiri paja.

Dzulo kunali nsomba ndi mbatata. Nditalowa anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena momveka bwino, moti ngakhale ine ndinamva: “Wachedwa, Arnfinn.” Ndinayang'ana wotchi. Inali 12 koloko isanakwane. Sindinatsutse. Anadya theka la mbale.

Bokosi lako lili m'katoni yake, pamodzi ndi masamba ako omasulira aja. Unalemba bwino, ndawawerenga onse. Pa 20 ndidzakutenga pa basi, batire lidzakhala lodzaza. Usabweretse kanthu. M'mawa mwake tidzapita limodzi. Mwina sadzakudziwa, mwina adzakuuza zomwe anandiuza ine. Akatero usadzatsutse. Udzangotenga supuni, ndidzakuonetsa kagwiridwe kake.

Ndine bambo wako,
Arnfinn